Magazi a ku Chipene asatidanitse ndi anansi athu

Usiku wa pa 6 Seputembala 2022 zigawenga zinalowa pa mishoni ya Katolika ya Chipene, m'boma la Memba, chigawo cha Nampula ku Mozambique. Zinawombera ndi kupha Sisitere Maria De Coppi, mayi wa ku Italy wazaka zopitirira 80, amene anatumikira m'dzikolo kuyambira chaka cha 1963. Zinatentha tchalitchi, chipatala, sukulu ndi nyumba ya asisitere. Ansembe awiri ndi asisitere ena anapulumuka. Patapita nthawi pang'ono gulu lochedwa Islamic State linalengeza kuti ndilo linachita zimenezi. Lamulungu la pa 11 Seputembala, Papa Francis anatchula dzina la sisitereyo pamaso pa anthu osonkhana ku Rome, napempherera anthu a ku Mozambique.

Nkhani imeneyi si ya kutali monga ena aganizira. Sisitere Maria anali wa banja la amishoni a Comboni, omwe ife a Dayosizi ya Chipata tiwadziwa bwino chifukwa cha nchito yao ku Chikowa. Chipene ili m'Dayosizi ya Nacala, ndipo Nacala ndilo doko limene njanji ya Chipata ndi Mchinji, yotsegulidwa mu 2010, inamangidwira kuti katundu wathu azifikako. Kumapeto kwa chaka cha 2021 zigawenga zomwezo zinaukira midzi ya m'boma la Mecula, m'chigawo cha Niassa, chigawo chimene m'mbali mwa nyanja mukhala anthu okamba Chinyanja monga ife. Anthu akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhani zotere zikamveka pa wailesi kapena zikafika pa lamya, mau amene atuluka msanga pakamwa pa ambiri ndi akuti: Asilamu akupha Akhristu. Mauwa amveka panja pa tchalitchi Misa ikatha, amveka pa depoti podikira kupimitsa chimanga, amvekanso m'basi ya ku Chipata. Amene awakamba sakhala anthu oipa. Mtima wawawa chifukwa mbale wao m'chikhulupiriro waphedwa, ndipo kuwawa kumeneko n'koyenera. Koma tiyenera kudzifunsa: kodi umodzi wathu ndi Akhristu ozunzika a ku Mozambique ufuna kuti tiyang'ane ndi diso lofiira Msilamu wa pamudzi pathu? Ife tikuti ai, ndipo tifuna kufotokoza chifukwa chake.

Nkhondoyi inayamba bwanji

Pa 5 Okutobala 2017 gulu la anyamata onyamula zida linaukira mapolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni kwa Mozambique, kumalire ndi Tanzania. Anthu a kumeneko awacha anyamatawa Al-Shabaab, ngakhale kuti si gulu limodzi ndi lija la ku Somalia. Mu 2019 gulu la Islamic State linayamba kuwachula ngati anthu ake. Mu Ogasiti 2020 analanda tauni yonse ya Mocímboa da Praia ndi doko lake, naikhalamo chaka chathunthu. Pa 24 Malichi 2021 anaukira Palma, pafupi ndi malo amene kampani ya Total inali kumanga nchito yaikulu ya gasi. Mu Julaye 2021 asilikali a ku Rwanda anafika, ndipo maiko a SADC anatumizanso ao, kuphatikizapo a kuno ku Zambia. Asilikali a SADC anachoka mu Julaye 2024 nkhondo isanathe. Pofika chaka cha 2023 anthu oposa 4,000 anali ataphedwa, ndipo pafupifupi 1 miliyoni anali atathawapo m'midzi mwao.

Chinthu choyamba chimene tiyenera kudziwa ndi ichi: anthu ambiri a ku Cabo Delgado ndi Asilamu, makamaka Amwani ndi Amakua a m'mbali mwa nyanja yamchere. Maboma amene anayamba kuonongedwa, monga Mocímboa da Praia, Macomia, Quissanga ndi Palma, ndi maboma okhala Asilamu ambiri. Motero pakati pa ophedwa ndi othawa, Asilamu ndi ochuluka zedi. Zigawengazo zatentha matchalitchi, zatenthanso mizikiti. Zapha Akhristu, zaphanso atsogoleri a Chisilamu amene anakana chiphunzitso chao.

Chachiwiri, oyamba kuchenjeza boma la Mozambique za gululi anali Asilamu eni ake. Zaka zingapo nkhondo isanabuke, mashehe a kumeneko anadandaula kwa akuluakulu a boma kuti kwabuka anyamata onyoza makolo ao, oletsa ana kupita kusukulu za boma, olowa mumzikiti ndi nsapato ndi mipeni. M'malo ena anawapirikitsa m'mizikiti. Chenjezo lao silinamvedwe pa nthawi yake.

Chachitatu, moto umenewu unapeza udzu wouma kale. Cabo Delgado ndi chimodzi mwa zigawo zosauka kwambiri m'dzikolo, chikhalirecho pansi pake pali chuma chochuluka. Miyala ya mtengo wapatali yochedwa ruby inapezeka ku Montepuez mu 2009, gasi anapezeka m'nyanja mu 2010. Anthu anachotsedwa m'minda mwao, asodzi anataya malo ophera nsomba, ndipo kumayambiriro kwa 2017 anyamata ambiri okumba miyala anapirikitsidwa mwankhanza ku Montepuez. Mnyamata wopanda munda, wopanda nchito, woona chuma cha kwao chikukwera magalimoto kupita kwina, savuta kumunyengerera ndi ndalama pang'ono ndi mau onena za Mulungu. Umphawi sulungamitsa kudula munthu mutu. Ngakhale n'tero, amene afuna kuzima moto ayenera kudziwa chimene chikuusonkhezera. Ndipo tisaiwale kuti si anyamata onse anavomera. Mu Epulo 2020, m'mudzi wa Xitaxi, m'boma la Muidumbe, apolisi analengeza kuti achinyamata 52 anaphedwa chifukwa chokana kulowa gululo.

Chimene zigawenga zifuna

Tisabise zoona poopa kukhumudwitsa wina. Zigawengazi zidana ndi mtanda, ndipo zanena poyera kuti zisaka Akhristu. Mishoni yakale ya Nangololo inaonongedwa mu 2020. Mu Febuluwale 2024 tchalitchi ndi nyumba za mishoni ya Mazeze, m'boma la Chiúre, zinatenthedwa, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Nampula. Amene anganene kuti chipembedzo sichikhudzidwa konse m'nkhondoyi akunama. Abale athuwa afa chifukwa cha dzina la Khristu, ndipo tiyenera kuwachula choncho m'mapemphero athu.

Koma tione bwino cholinga cha otentha tchalitchi. Gulu lotere ndi laling'ono. Silingagonjetse dziko ndi mfuti zake zokha. Mphamvu yake ili pa kugawa anthu. Likatentha tchalitchi lifuna kuti Mkhristu akwiye, akatenthe mzikiti, akamenye Msilamu wosalakwa. Zikatero, Msilamu uja amene dzulo anali kudana ndi zigawenga ayamba kuganiza kuti alibe womuteteza koma zigawenga zomwezo. Apo ndiye kuti gulu la anthu mazana ochepa lapeza asilikali zikwi popanda kulipira ngwee. Mkhristu wa ku Chipangali amene abwezera mkwiyo wake pa Msilamu wa ku Chipata, ngakhale ndi mau chabe, akugwirira ganyu anthu amene anapha Sisitere Maria.

Abusa a Mpingo ku Mozambique anaona msampha umenewu. Bishopu Luiz Fernando Lisboa, amene anatsogolera Dayosizi ya Pemba mpaka Febuluwale 2021, anakamba mosaopa za kuzunzika kwa anthu onse a chigawocho, ndipo thandizo la Mpingo linaperekedwa kwa othawa popanda kufunsa kuti munthu apemphera kuti. Mabanja a ku Pemba, Achikhristu ndi Achisilamu omwe, analandira othawa m'nyumba zao mpaka kusowa pogona eni ake. Kumayambiriro kwa 2022 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasaina chikalata chimodzi mumzinda wa Pemba, chokana kuti dzina la chipembedzo ligwiritsidwe nchito pokhetsa magazi. Ngati amene aika maliro okha akana chidani, ife amene tamva chabe nkhani tingachivomere bwanji?

Zimene ife a kum'mawa tikumbukira

Ife a chigawo cha kum'mawa tidziwa kuwawa kwa zigawenga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinali kudumpha malire n'kuukira midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke. Zinapha anthu, kuba ng'ombe, kutentha nkhokwe ndi kutenga ena kupita nawo. Anthu a m'malire anagona m'thengo, minda inagonera. Pa nthawi yomweyo anthu a ku Tete zikwi zambiri anathawira kuno, ndipo mu 1987 malo a Ukwimi, m'dera la Petauke, anatsegulidwa kuti awasunge. Dziko la Malawi linalandira pafupifupi 1 miliyoni.

Pamenepo pali phunziro lalikulu. Amene anali kutiukira anachokera ku Mozambique, ndipo amene anali kupempha pogona anachokeranso ku Mozambique, okamba chilankhulo chimodzi, ena a mafuko omwewo. Zikanakhala zosavuta kunena kuti onse ndi amodzi, abwerere kwao. Makolo athu ndi mafumu athu sanatero. Anasiyanitsa wonyamula mfuti ndi wonyamula mwana kumsana. Anapereka malo olima, anagawana nsima, ana anaphunzira pamodzi. Nzeru yomweyo ndiyo ifunika lero: kusiyanitsa chigawenga ndi munthu amene angofanana nacho dzina la chipembedzo.

Tikumbukirenso mmene nkhondo ija inathera. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, pambuyo pa zokambirana za zaka ziwiri zimene anayendetsa Akhristu a bungwe la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Anthu a Mpingo anathandiza kuzima nkhondoyo chifukwa mbali zonse zinawakhulupirira. Mpingo umene udziwika kuti usamala ake okha sungagwire nchito yotere.

Choopsa chimene chili pakhomo pathu

Tithokoze Mulungu kuti m'Zambia simunachitike nkhondo ya zipembedzo. Asilamu ndi ochepa m'dziko lino, koma ku Chipata akhala nafe zaka zambirimbiri, Amwenye ndi Ayao ndi ena a mitundu yathu yomwe. Mizikiti yao iima poyera m'tauni. Tigula nawo mbeu, makasu, malata ndi njinga ku Down Shops, tiwagulitsa nshawa ndi soya, ana athu akhala nawo pa desiki limodzi. M'mabanja ena mbuzi ya pa ukwati kapena pa maliro aipereka kwa Msilamu kuti aizinge, kuti pasakhale wobwerera ndi njala. Mtendere woterewu ndi chuma, ndipo chimene chingauononge msanga kuno kwathu ndi mphekesera.

Taona kale zimene mphekesera ichita. Mu Epulo 2016, mumzinda wa Lusaka, anthu angapo atapezeka ophedwa ndi kuchotsedwa ziwalo, kunamveka manong'onong'o akuti ochita zimenezo ndi alendo a ku Rwanda. Masitolo ao oposa 60 anathyoledwa, ndipo anthu awiri anatenthedwa amoyo. Awiriwo anali a ku Zambia konkuno. Alendo ambiri anathawira pa parishi ya St Ignatius, kumene Mpingo unawatsegulira chitseko. Kumayambiriro kwa 2020, pa nthawi ya nkhani ija ya kufayira anthu mankhwala m'nyumba usiku, magulu a anthu okwiya anapha anthu pafupifupi 50 m'dziko lonse pongowaganizira. Ambiri anali apaulendo, okalamba, odwala misala, anthu ongosokera njira. Panalibe khoti, panalibe umboni. Kunali mantha ndi uthenga wa pa lamya umene aliyense anali kutumiza kwa mnzake.

Anthu amene anagenda miyala masiku amenewo ambiri anali obatizidwa. Ichi chiyenera kutichititsa mantha kuposa zigawenga za kutali. Ngati tsiku lina kudzamveka kuti mlendo wovala mkanjo ndi kapu yoyera waoneka pa msika ndipo ndi wa Al-Shabaab, kodi tidzachita chiani? Yankho la funso limenelo liyenera kukonzedwa tsopano, mitima ili m'malo, chifukwa tsiku la chipolowe palibe amene amva mnzake.

Ena adzati Zambia ndi dziko la Chikhristu. Zoonadi, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza zimenezo pa 29 Disembala 1991, ndipo mauwo analowa m'mau oyamba a malamulo aakulu a dziko mu 1996. Koma malo omwewo amene achula dziko la Chikhristu anenanso kuti ufulu wa munthu aliyense wotsata chikumbumtima ndi chipembedzo chake usungidwe, ndipo gawo 19 la malamulowo liteteza ufulu umenewu. Dzina la dziko la Chikhristu litisenzetsa udindo. Wochepa ndi mlendo ayenera kugona tulo pakati pathu popanda mantha, apo ai dzinalo likhala lachabe.

Mpingo uphunzitsa chiani

Zimene tikamba pano si maganizo atsopano. Pa 28 Okutobala 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chochedwa Nostra Aetate. M'menemo Mpingo unanena kuti ulemekeza Asilamu, amene apembedza Mulungu mmodzi, alemekeza Yesu monga mneneri, alemekezanso Maria amai ake, ndiponso asunga pemphero, kusala ndi kuthandiza osauka. Unapempha mbali zonse ziwiri kuti zisiye za udani wakale ndi kugwirira pamodzi nchito ya chilungamo ndi mtendere. Zigawenga zitapha anthu pafupifupi 3,000 ku America pa 11 Seputembala 2001, Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anatichezera kuno ku Zambia mu Meyi 1989, anaitana atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana, Asilamu omwe, ku Assisi pa 24 Januwale 2002 kuti akane pamodzi kupha m'dzina la Mulungu. Pa 4 Febuluwale 2019 Papa Francis ndi Shehe Ahmed el-Tayeb wa ku Al-Azhar anasaina chikalata cha ubale wa anthu onse ku Abu Dhabi.

Muzu wa zonsezi uli mu Uthenga Wabwino. M'fanizo la pa Luka 10, amene anaima ndi kumanga mabala a munthu wovulazidwa ndi achifwamba anali Msamariya, munthu wa chipembedzo chimene omvera a Yesu anali kuchinyoza. Fanizo limeneli linachitika ndi maso ku Kenya pa 21 Disembala 2015. Zigawenga za Al-Shabaab ya ku Somalia zinaimitsa basi yopita ku Mandera n'kulamula kuti Asilamu apatuke, Akhristu atsale paokha. Chaka chapitacho, pa basi ina m'dera lomwelo, anthu 28 anaphedwa mwa njira imeneyo. Ulendo uno Asilamu anakana kupatuka, ndipo azimai ena anabwereka anzao Achikhristu nsalu zakumutu kuti asadziwike. Mphunzitsi wina wa Chisilamu, Salah Farah, anawomberedwa, namwalira mu Januwale 2016 chifukwa cha mabalawo. Tikamawerenga maina a ofera anzao, dzina lakenso lisasowe.

Kulolerana sikutanthauza kuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi, kapena kuti tibise mtanda wathu. Ife tikhulupirira Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, ndipo Msilamu sakhulupirira zimenezo. Kusiyana kumeneku n'kwenikweni, ndipo tingakambirane mwaulemu popanda wina kunamizira kuti kulibe. Sikutanthauzanso kugona tulo pa nkhani ya chitetezo. Boma lili ndi udindo wolondera malire ndi kugwira aliyense wokonza chiwembu, kaya apemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Chimene tikana ndi kuweruza khamu lonse chifukwa cha mlandu wa ochepa. Pakati pa amene anapha anzao ku Rwanda mu 1994 panali obatizidwa ambiri, ena anaphera m'matchalitchi momwe. Sitingalole kuti wina atiche tonse akupha chifukwa cha iwo. Muyeso umene tifuna kuti atipimire ndi womwewo tiyenera kupimira anzathu.

Nanga tichite chiani

Choyamba, tipemphere mochula maina. M'miphakati yathu ndi pa mapemphero a Lamulungu m'nthambi zopanda wansembe, tichule Chipene, Nangololo, Mazeze, Palma ndi Mecula. Tipempherere Akhristu ophedwa, Asilamu ophedwa, ana obedwa ndi kukakamizidwa kunyamula mfuti, ngakhalenso akupha eni akewo kuti atembenuke mtima.

Chachiwiri, umodzi uoneke ndi m'manja. Pa nyengo yokolola, makhonsolo a maparishi angakambirane ndi abambo ansembe za chopereka chapadera cha othawa nkhondo, chodzera ku Caritas ya dayosizi kuti chifike m'njira yodziwika. Chitini chimodzi cha chimanga pa banja chioneka chochepa, koma mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, tiike mlonda pakamwa ndi pa lamya. Uthenga wonena kuti akuti-akuti ndi zigawenga, usanautumize kwa wina, funsa kuti wachokera kwa yani ndipo anaona ndani. Ngati pali chokayikitsa chenicheni, njira ndi ya kwa anyakwawa, kwa amfumu ndi kupolisi. Mkhristu asapezeke m'gulu logenda munthu, ndipo akapezeka pafupi akhale woyamba kuletsa.

Chachinai, tidziwane tsoka lisanagwe. Atsogoleri a mpingo pamudzi, akatekisti, abusa a mipingo ina ndi mashehe a m'dera limodzi ayenera kudziwana maina ndi makomo. Nchito zogwirira pamodzi zilipo kale: kukonza mjigo, kuumba njerwa za sukulu, kudikira odwala, kulira maliro. M'zaka zija matenda a Edzi anatipsinja kwambiri, Akhristu ndi Asilamu anagwirira pamodzi m'bungwe la ZINGO, ndipo palibe amene anataya chikhulupiriro chake chifukwa cha zimenezo.

Chachisanu, tiyang'anire anyamata athu. Zimene zinachitika ku Cabo Delgado zitiphunzitsa kuti mnyamata wosowa chochita ndi wosowa womumvera ndiye woyamba kugulidwa. Kuno kwathu wogula akhoza kukhala wandale wofuna anyamata omenya anzao pa chisankho, kapena wolonjeza nchito yabodza kunja kwa dziko. Munda, mtengo wabwino wa mbeu, feteleza wofika pa nthawi yake ndi sukulu ya luso la manja ndi mbali ya chitetezo cha dziko, ndipo tili ndi ufulu wokumbutsa aphungu ndi makhansala athu zimenezi.

Abale ndi alongo, anthu a kumpoto kwa Mozambique apsa ndevu, ndipo mwambi uti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mwa opsawo muli Akhristu, mulinso Asilamu. Titunge madzi okwanira onse, ndipo tisalole kuti nthethe ya moto umenewo igwere pa denga la mnansi wathu kuno ku Chipangali kudzera pakamwa pathu.